Malamba a Judo ndi Karate

Ambiri amaganiza kuti malamba osonyeza luso pa judo ndi karate ndi mwambo wamakedzana, koma mbiri ikukana. Kano Jigoro, amene anayambitsa judo ku Tokyo mu 1882, ndiye anabweretsa magiredi otchedwa dan, omwe malamba akuda amasonyeza, atawatengera ku masewera a timiyala otchedwa go, ndipo mu 1883 anapatsa ophunzira ake awiri giredi yoyamba. Mphunzitsi wa karate Funakoshi Gichin analowetsa magirediwa mu karate mu 1924. Ena amatsutsa ponena kuti aphunzitsi akale nawonso ankasiyanitsa ophunzira. N'zoona, komatu iwo ankapereka menkyo, chikalata cholembedwa, osati lamba. Ngakhale dzina la giredi yoyamba ya lamba wakuda, shodan, limangotanthauza sitepe yoyamba.