Byang Kato, mtetezi wa chiphunzitso cha chievanjeliko mu Africa

Byang Henry Kato adali katswiri wa maphunziro a zaumulungu wa ku Nigeria, yemwe adatchuka chifukwa chotsutsa poyera kusakaniza Chikhristu ndi zipembedzo za makolo. Adabadwa m'chaka cha 1936 ku Kwoi, kumpoto kwa dzikolo, pakati pa anthu a mtundu wa Jaba. Bambo ake adamupereka kwa mizimu akadali wakhanda kuti adzakhale wansembe wa chipembedzo cha makolo, koma ali ndi zaka 12 adatembenuka mtima pasukulu ya amishonale a Sudan Interior Mission. Choncho zimene adadzatsutsa atakula sadangoziwerenga m'mabuku ayi, adakulira momwemo.

Adaphunzira ku Igbaja, ku London Bible College, kenaka ku Dallas Theological Seminary m'dziko la America. Mu 1973 adasankhidwa kukhala mlembi wamkulu wa bungwe la Association of Evangelicals of Africa and Madagascar, ndipo adali munthu woyamba wa mu Africa pa udindowu.

Buku lake lodziwika, Theological Pitfalls in Africa, lidatuluka mu 1975. M'bukumo adadzudzula akatswiri anzake monga John Mbiti wa ku Kenya ndi Bolaji Idowu wa ku Nigeria, ponena kuti zolemba zawo zikukokera mipingo ku maganizo akuti munthu angapulumuke kudzera m'chipembedzo chilichonse. Kato sadakane kuti makolo ankadziwa za Namalenga, koma adanenetsa kuti kudziwa kotereku sikupulumutsa popanda Khristu. Sadafunenso kuti Mkhristu wa mu Africa azitsanzira azungu. Zilankhulo, nyimbo ndi zoimbira zakumudzi adazilimbikitsa m'tchalitchi, malinga Baibulo likhale muyezo wa zonse.

Si onse adagwirizana naye. Kwame Bediako wa ku Ghana, m'buku lake la mu 1992 lotchedwa Theology and Identity, adati Kato adatsamira kwambiri maganizo a kwa azungu ndipo sadapereke malo okwanira ku zimene makolo adasiya. Chidzudzulocho chili ndi maziko, ngakhale tiyenera kukumbukira kuti Kato sadapeze mpata wokhwimitsa mfundo zake. Adamira m'nyanja yamchere pafupi ndi Mombasa pa 19 Disembala 1975, ali ndi zaka 39 zokha.

Sukulu zaukachenjede za zaumulungu zimene ankalimbikira kuti zikhalepo zidatsegulidwa iye atamwalira kale: ina ku Bangui mu 1977 ya olankhula Chifalansa, ina ku Nairobi mu 1983, yomwe pambuyo pake idasanduka Africa International University.