Fodya ndi Tsogolo la Ana Kumadzulo kwa Lilongwe

M'madera a Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, mwayi woti mwana atukuke kuposa makolo ake wakhala ukudalira fodya kuyambira m'zaka za m'ma 1920, pamene A. F. Barron ndi R. W. Wallace anafalitsa ulimi wa fodya wa chikopa, amene amaumitsidwa ndi utsi, kuchokera pa esiteti ya Mbabzi. Mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board, lomwe linkalemba alimi m'kaundula n'kumayang'anira misika, motero phindu la thukuta la banja linayamba kupimidwa ndi anthu akutali.

Ufulu utabwera, chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, chomwe chinayamba mu 1968 ndi ngongole ya World Bank, chinalambula misewu, chinabwereketsa feteleza ndipo chinalembetsa malo m'dzina la ndunda, kutanthauza banja lonse la mbumba imodzi. Komabe lamulo linkasungira eni maesiteti fodya wa bale, wamtengo wabwino, pomwe mlimi wam'mudzi ankagulitsa wake ku ADMARC motchipa. Mwana wa mwini esiteti ankapita kusekondale, koma wa tenanti, yemwe atate ake ankadya chimanga changongole chodulidwa pamalipiro, ankakulira m'chigafa akusoka masamba.

Ngakhale alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale mu 1990 ndipo pulayimale inakhala yaulere mu 1994, minda yakhala ikuchepa pogawidwa m'badwo uliwonse, kotero kuti kusiyana kumene kunabzalidwa kale kukukololedwabe ndi zidzukulu.