Sitalaka inabwera ndi magazi, osati ndi kalata

Anzanga, mukamva pa wailesi kuti aphunzitsi kapena anamwino anyanyala ntchito, mumangoti "ayambanso awa." Koma makolo athu liwu loti sitalaka ankalitchula monong'ona.

Nduna zitagalukira Kamuzu mu 1964, komanso a Henry Masauko Chipembere, mwana wa kwathu ku Malindi, atalephera kugwetsa boma mu February 1965, aliyense wotsutsa ankatchedwa chigawenga. Mabungwe a anthu apantchito anaikidwa m'khwapa mwa chipani cha MCP, nangokhala duu kwa zaka pafupifupi 30.

Zinasintha mu 1992. Pa 8 March mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula boma. Pa 6 April a Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a apantchito a kummwera kwa Africa, anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Kumayambiriro kwa May, ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala pofuna malipiro abwino. Ena anawatsatira, mzinda unagwedezeka, apolisi anawombera, ndipo anthu oposa 30 anafa. Ambiri timakumbukira referendamu ya 1993 yokha, anthu amenewa tinawaiwala.

Lero gawo 31 la malamulo aakulu a dziko limateteza ufulu wolowa m'bungwe komanso wonyanyala ntchito. Komatu sikuti mumangodzuka n'kutseka geti ayi. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limati mkangano uyambe wakanenedwa ku unduna wa zantchito kuti akuyanjanitseni. Zikakanika, mupereke chidziwitso cha masiku 7. Ogwira ntchito zokhudza moyo ndi chitetezo cha anthu saloledwa kunyanyala. Ku Britain anawonjezera china mu 1984: mamembala ayambe avota mwachinsinsi. Kwathu kuno, mu 2021 aphungu anasintha lamulo kuti wonyanyala azilipidwa masiku atatu okha pachaka, otsalawo bwana akhoza kudula. Bungwe la MCTU linakana, koma lamulolo linadutsa.

Tsono taganizani za mnzathu wokoka chilimila usiku wonse ku Makawa kapena ku Msaka. Alibe kalata ya ntchito, alibe bungwe, malipiro ake ndi gawo la usipa umene wagwidwa. Chidziwitso cha masiku 7 akapereka kwa yani? Akakana kukwera boti madzulo ano, mwini ukonde aitana mnyamata wina amene waima kale pamchenga.