Anamwino, Tulo ndi Mtima wa Mkazi

Kwa nthawi yaitali m'zaka za m'ma 1900, madokotala a ku America ankaona matenda a mtima ngati matenda a amuna. Umboni wake uli m'kafukufuku wawo yemwe. Mu 1982, pomwe anafuna kudziwa ngati aspirin amateteza mtima, analemba madokotala 22,071 kuti awayese, ndipo mwa onsewo munalibe mkazi ngakhale mmodzi. Zimene zinkapezeka mwa amuna ankangoziyesa kuti zikukhudzanso akazi. Za tulo ndiye sizinkawerengedwa n'komwe: mayi wodandaula kuti usiku amangotembenuka pamphasa ankauzidwa kuti ndi nkhawa kapena ukalamba.

Amene anasintha zinthu ndi anthu omwe ntchito yawo imawalanda tulo. Mu 1976, Frank Speizer wa ku Harvard anayambitsa kafukufuku wotchedwa Nurses' Health Study, ndipo anamwino 121,700 a zaka 30 mpaka 55 anavomera kumayankha mafunso okhudza moyo wawo zaka ziwiri zilizonse. Cholinga choyamba chinali kuona zotsatira za mapiritsi akulera. Funso la tulo linabwera mochedwa, mu 1986, ndipo linali lalifupi: kodi mumagona maola angati pa tsiku?

Yankho linatenga zaka kuti lipse. Mu 2003, Najib Ayas ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atatsatira anamwino 71,617 kwa zaka 10. Amene ankagona maola 5 kapena ocheperapo anali pa chiopsezo chachikulu ndi 45 peresenti cha matenda a mitsempha ya mtima kuposa amene ankagona maola 8, ngakhale ofufuzawo atachotsera zina monga kusuta ndi kunenepa. Chodabwitsa n'chakuti ogona maola 9 kapena kuposa nawonso chiopsezo chawo chinali chokwera. Apa m'pofunika kusamala, pakuti kafukufuku wotere amaonetsa zinthu zoyendera limodzi, osati chimene chinayambitsa chinzake. Mwina kugona kwambiriko chinali chizindikiro cha matenda obisika kale.

Komabe njira imene kusowa tulo kumavulazira mtima ndi yomveka. Munthu akagona bwino, kuthamanga kwa magazi kumatsika ndi 10 mpaka 20 peresenti, ndipo mitsempha imapuma. Tulo tikamadukaduka, thupi limachezera lili tcheru ngati kuli ngozi, mtima umagunda mofulumira, ndipo kutsika kuja sikuchitika mokwanira. Vuto lobanika kutulo nalonso linkadziwika ngati la abambo onenepa oliza mkonono. Mayi amene ali nalo kawirikawiri amafika kuchipatala akudandaula za kutopa, mutu wa m'mawa kapena kusowa tulo, choncho ambiri ankabwerera kwawo matenda awo asanadziwike.

Pa nthawiyi n'kuti malamulo nawo atasintha. Bernadine Healy, katswiri wa mtima, atakhala mkazi woyamba kutsogolera National Institutes of Health mu 1991, anadzudzula poyera kunyalanyaza mitima ya akazi, ndipo mu 1993 nyumba ya malamulo ya dzikolo inalamula kuti kafukufuku wa zamankhwala wolipiridwa ndi bungweli aziphatikizamo akazi.

M'zaka zomwezo munayamba kafukufuku wa SWAN, wotsatira akazi pa nyengo yosiya kusamba, pomwe kutentha kwa thupi ndi thukuta la usiku zimadzutsa ambiri. Mu 2024, Rebecca Thurston ndi anzake anaonetsa kuti mwa akazi pafupifupi 3,000 omwe anatsatidwa kwa zaka zoposa 20, amene vuto losowa tulo linawakakamira anali pa chiopsezo chachikulu ndi pafupifupi 70 peresenti cha matenda a mtima ndi mitsempha.

Bungwe la American Heart Association linali litatchula zinthu 7 zoyezera thanzi la mtima mu 2010, koma tulo panalibe. Linadzatiwonjezera mu 2022 ngati chinthu cha 8, n'kunena kuti munthu wamkulu azigona maola 7 mpaka 9, patatha zaka 36 chifunsidwire anamwino aja funso lawo lalifupi.