Difu

Difu ndi chibulunga chachitsulo chomwe chili pakati pa matayala akumbuyo a pikapu. Mkati mwake muli magiya olandira mphamvu ya injini n'kuigawira matayala awiriwo, kuti pokhota lakunja lizizungulira msanga kuposa lamkati.

Dalaivala wa matola pa Chiponde akati "difu ikulira", makaniko amayamba wafunsa kuti imalira liti. Ikamalira poponda moto, makamaka pokwera zitunda zochokera ku Mangochi kupita ku Namwera, kawirikawiri mano a magiya aperepeseka. Ikamalira ukachotsa phazi, amakayikira bering'i ya pinyoni, giya yolowetsa mphamvu mu difu. Kugogoda pokhota kumaloza timagiya tamkati. Akakhetsa oyilo n'kupezamo tizitsulo tonyezimira, difuyo yadyeka ndipo ndi yofunika kuphwasula.