Aphunzitsi odzipereka ochokera kunja: ndani ndipo amagwira bwanji ntchito?

Awa ndi anthu amene amasiya kwawo kukaphunzitsa ana osowa m'maiko ena, osalandira malipiro koma kangachepe kodzithandizira. Bungwe la Peace Corps la ku America lidayamba kutumiza anthu odzipereka m'dziko muno mu 1963, pomwe a ku Japan adayamba kufika mu 1971.

A Peace Corps amakhala zaka ziwiri, ndipo a gawo la maphunziro amaphunzitsa Chingerezi m'sukulu za sekondale zoyendera. Amayamba aphunzira chiyankhulo cha komwe akakhale: kumadera a Rumphi monga Thazima, pachipata cha nkhalango ya Nyika, chofunika ndi Chitumbuka.

Komabe thandizoli n'losakhalitsa. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utabuka, a Peace Corps onse adabwezedwa kwawo, ndipo sukulu zitatsegulidwanso, ntchito yawo idatsalira aphunzitsi a m'dziko muno.