Mbiri ya kunyanyala malonda: kuchokera pa shuga wa akapolo kufika lero

M'chaka cha 1791, Nyumba ya Malamulo ya ku Britain itakana kuthetsa malonda a akapolo, anthu wamba anapeza njira ina yolankhulira. Analeka kugula shuga wochokera ku zilumba za West Indies, komwe nzimbe zinkalimidwa ndi akapolo. Akuti anthu pafupifupi 300,000 analowa nawo m'gululi. Ambiri anali amayi, omwe analibe ufulu wovota koma ndiwo ankagula zofunika pakhomo. Chiyambi chake, kunyanyala malonda kunali chida cha anthu omanidwa mawu.

Nthawi ya atsamunda chidachi chinanoledwa. Ku India, kuyambira 1905, anthu a ku Bengal anakana nsalu za ku Britain nayamba kuvala zowombedwa kwawo. Kuno ku Africa, m'zaka za m'ma 1950, anthu akuda ku Lusaka sankaloledwa kulowa m'mabutchala a azungu. Ankagulira nyama pakawindo ka m'mbali. Chipani cha African National Congress cha Harry Nkumbula ndi Kenneth Kaunda chinauza anthu kuti asiye kugulako, ndipo eni mabutchala anamva kuwawa m'thumba.

Ku Montgomery, m'dziko la America, Rosa Parks atamangidwa pa 1 Disembala 1955 chifukwa chokana kupereka mpando kwa mzungu, anthu akuda anasiya kukwera mabasi kwa masiku 381, mpaka khoti linathetsa tsankholo. Mu 1957 anthu a ku Alexandra, ku South Africa, nawo anakana mabasi a PUTCO atakweza mtengo ndi peni imodzi. Ankalawira m'bandakucha wapansi kupita kuntchito ku Johannesburg, madzulo n'kubwereranso wapansi, mpaka mtengo wakale unabwezeretsedwa. Mu 1959 ANC ya ku South Africa inauza anthu kuti asiye kugula mbatatesi chifukwa cha nkhanza za m'mafamu a ku Bethal.

Chaka chomwecho ku London kunayambika gulu lokana katundu wa ku South Africa, ndipo Julius Nyerere analankhula pamsonkhano wolikhazikitsa. Zipatso zake zinachedwa, koma zinabwera: ophunzira a ku Britain atakhala zaka zambiri akukana banki ya Barclays, bankiyo inatuluka m'dziko la South Africa mu 1986.

Kenaka ogula anaganiza kuti kukana kokha sikukwanira, pafunikanso kusankha. Mu 1988 ku Netherlands kunabadwa chizindikiro cha Max Havelaar, kholo la Fairtrade, chotsimikiza kuti mlimi walandira mtengo woyenera. Alimi a nzimbe a ku Kasinthula, m'boma la Chikwawa, ndi ena mwa omwe agulitsapo shuga wawo kudzera m'njira imeneyi.

Masiku a intaneti zinthu zasintha. Kuyitana anthu kuti anyanyale kumatheka tsiku limodzi, koma amene akulimbana kawirikawiri ndi nzika zokhazokha zosiyana zipani. Ku Kenya mu 2017, mgwirizano wa NASA wa Raila Odinga unauza otsatira ake kuti asiye kugula ku makampani a Safaricom, Brookside ndi Bidco. Ku America mu 2018, kampani ya Nike itagwiritsa ntchito katswiri wamasewera Colin Kaepernick potsatsa malonda, ena anawotcha nsapato zawo pomwe ena anathamangira kukagula, ndipo kampaniyo sinagwe. Mu 2023 mowa wa Bud Light unakumana ndi zosiyana: ogula okwiya ndi munthu amene kampaniyo inamusankha kuti atsatse malonda anausiya, moti unataya malo oyamba pamsika.

Kusiyana kwake n'koonekeratu. A ku Montgomery ndi ku Alexandra ankadziwa chimene akufuna, ankadziwa amene angachipereke, ndipo anali ndi makomiti owalimbitsa mtima pamene miyendo yatopa. Paja chala chimodzi sichiswa nsabwe. Lero ambiri amagula kapena kukana pofuna kungosonyeza mbali yawo, osanena kuti kampani ichite chiyani kuti iwo abwerere. Kunyanyala kotere kumatha kuluza kampani ndalama kwa kanthawi, koma sikusintha lamulo, malipiro kapena mtengo wa basi.